Sitandi, denga, magetsi kapena geti: ndalama yoyamba ya bwalo lathu la mpira ipite kuti?

Loweruka lina mu Okutobala ndinaima pa geti la bwalo lina kuno kummawa kwa Zambia, chikwama cha matikiti chili pakhosi. Mpira unayamba 15:00, dzuwa likuswa mtengo. Mkati munali anthu osakwana kudzaza mbali imodzi, koma kunja kwa mpanda, pansi pa mitengo ya mango, kunali khamu likusuzumira pamwamba pa malata. Ndinapita kwa mkulu wina amene anakhala pa kaliyala ya njinga yake, kawailesi kali pakhutu.

"Ambuya, bwanji osalowa? Tikiti lero si yodula."

"Mdzukulu wanga, ndalama ndili nayo. Koma ndilipire kuti ndikapse? Pano pali mthunzi, ndipo ndikafuna kutaya madzi ndidziwa kolowera. Mkatimo ndikalowera kuti?"

Sabata yomweyo komiti yathu inali itatha maola atatu ikukambirana zomanga sitandi ya anthu masauzande. Mawu a mkuluyo ndi amene anandichititsa kulemba izi, chifukwa ndikudziwa kuti ku Chipata, ku Katete, ku Petauke, ku Lundazi ndi ku Chadiza kuli makomiti a matimu, makhansala ndi amalonda amene ali ndi ndalama yochepa m'manja ndipo akufunsa kuti ayambire pati. Yankho langa ndikuliika poyera kuyambira pano: kukula kwa bwalo ndi kutentha kwa bwalo ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ambiri timalipira choyamba pamene tikufuna chachiwiri.

Zoyezera musanasankhe

Njira iliyonse ndaiyeza pa zinthu zinayi: mtengo wake, kupezeka kwa zipangizo ndi amisiri kuno kwathu, ntchito yoisamalira chaka ndi chaka, ndi ngozi zake. Mitengo ya makwacha sindiika, popeza thumba la simenti la mwezi uno si la mwezi wa mawa. Ndiika kuchuluka kwa zinthu kuti muwerengere nokha ndi mtengo wa lero ku Down Shops ku Chipata. Kumbukiraninso kuti chilichonse cholemera chochokera ku Lusaka chimayenda makilomita oposa 550 pa Great East Road, ndipo ulendowo umalowa mu mtengo.

Pali zinthu zitatu za kwathu kuno zimene wogulitsa sangakuuzeni. Choyamba ndi nyengo. Kuyambira 2019 ligi yayikulu ya FAZ, bungwe loyendetsa mpira m'Zambia, inasiya kutsata chaka cha Januwale mpaka Disembala, tsopano imayamba cha mu Ogasiti n'kutha cha mu Meyi. Ndiye kuti mpira umadutsa m'kutentha kwa Okutobala ndi mvula yonse ya Novembala mpaka Epulo. Chachiwiri ndi thumba la wochemerera. Kuno ndalama imabwera ndi chimanga, soya, mtedza, fodya ndi thonje, kuyambira Meyi kupita mtsogolo. Mu Januwale ndi Febuluwale anthu ali kumunda ndipo ya tikiti palibe. Chachitatu ndi kanema. Masewero a ku England a Loweruka masana amayamba 16:00 kapena 17:00 nthawi yathu, ena 13:30 kapena 14:30, ndipo m'mabala a ku Kapata muli mpando, mthunzi ndi chimbudzi. Amene mukulimbana naye pa wochemerera ndi ameneyo, osati timu ya boma loyandikana.

Musanagule ngakhale msomali umodzi, werengani anthu. Masewero khumi otsatizana, wina aime ndi kope, alembe olowa ndi tikiti, olowa ulere ndi oonerera kunja kwa mpanda. Nambala ya tsiku la fainolo musaitenge ngati ya masiku onse.

Njira yoyamba: mitumbira ya dothi yokhala ndi masitepe

Apa mumaunjika dothi m'mbali mwa bwalo, kulitsendera, n'kulidula masitepe otchingidwa ndi mabuloko kapena miyala. Ku Chipata, komwe malo ambiri ndi otsetsereka chifukwa cha mapiri otizungulira, nthawi zina mtumbirawo Mulungu anaumba kale, chotsala n'kuusema.

Mtengo: iyi ndiyo yotsika kuposa zonse pa munthu mmodzi. Ndalama yambiri imapita ku mafuta a matipa ndi makina otsendera. Mabuku a chitetezo cha mabwalo a ku Britain amalola anthu oimirira osapitirira 47 pa masikweya mita 10. Okhala pansi, aliyense atapatsidwa masentimita 50 m'lifupi ndi 80 kutsogolo, amakwana 25 okha pa malo omwewo. Choncho mtumbira wa mamita 60 wokhala ndi masitepe khumi umasenza anthu oposa 1,000 atakhala bwinobwino, mutachotsa njira zodutsamo.

Kupezeka: zonse zili pompano. Dothi, miyala, mabuloko, amisiri, ngakhale achinyamata a timu amene angagwire ntchito ya manja.

Kusamalira: mdani ndi madzi. Dothi lofiira la katondo limagwira bwino. La makande limatupa ndi mvula n'kung'ambika m'chilimwe, ndipo masitepe anu adzasweka chaka chachiwiri. Kumbuyo kwa mtumbira bzalani vetiva monga timachitira pa akalozera kumunda, ndipo ngalande zikumbidwe tsiku lomwe mtumbira ukuunjikidwa, osadikira kuti mvula ikuonetseni pomwe zinayenera kudutsa. Chaka chilichonse mu Epulo pamafunika anthu okwirira mokokoloka ndi kuthana ndi chiswe.

Ngozi: mtumbira wotsetsereka kwambiri wopanda zitsulo zogwirira umasanduka msampha chigoli chikalowa, chifukwa akumbuyo amakankha akutsogolo. Ikani zitsulo zotsamira pakatikati, motalikirana masitepe angapo. Dziwaninso kuti timu ikakwera kupita ku ligi yapamwamba, oyendera mabwalo adzafuna zipinda zovalira, mpanda wolekanitsa osewera ndi anthu, ndi malo okhala ooneka. Mtumbira pawokha sudzakwanira.

Ine njira iyi ndimaikonda, ndipo sindibisa. Anthu oimirira mothithikana pafupi ndi mzere amaimba kuposa okhala motalikirana. Ku Dortmund ku Germany, mbali yotchuka kwambiri ya bwalo lawo ndi ya anthu oimirira pafupifupi 25,000, ndipo ku England, komwe anathetsa zoimirira m'maligi apamwamba pambuyo pa ngozi ya ku Hillsborough ya 1989, anazibwezeretsa mu 2022 ataika chitsulo patsogolo pa mzere uliwonse.

Njira yachiwiri: sitandi ya konkire

Iyi ndi imene aliyense amaiona m'maso akamva mawu akuti kukuza sitediyamu.

Mtengo: wokwera kwambiri, ndipo gawo lalikulu la ndalamayo limalowa pansi pomwe maso saona. Kyubiki mita imodzi ya konkire yolimba imadya matumba a simenti 6 kapena 7 a makilogalamu 50, osawerengera zitsulo, miyala, mchenga ndi matabwa oumbira. Onjezanipo injiniya woyeza dothi ndi kujambula mapulani. Ambiri akuyang'ana ku CDF, ndalama ya chitukuko imene boma limapereka ku makonstityuwensi, yomwe inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022 ndi K30.6 miliyoni mu 2024 pa konstityuwensi iliyonse. Ndi ndalama yooneka, koma yomweyo ikudikiridwa ndi makalasi, madesiki, zipatala zazing'ono, milatho ndi mabasale a ana, ndipo pempho limayenera kudzera ku komiti ya chitukuko ya mu wadi. Sitandi yonse ya konkire singatuluke mmenemo chaka chimodzi popanda kulanda mwana desiki.

Kupezeka: simenti ndi miyala zimapezeka. Chosowa ndi munthu wodziwa. Kontrakitala akhale wolembetsedwa ku National Council for Construction pa giredi yoyenera ntchitoyo, injiniya akhale wa Engineering Institution of Zambia, ndipo mapepala awo muwaone ndi maso anu. Womanga nyumba zabwino ku Kalongwezi si ndiye kuti adziwa kumanga chinthu chimene anthu 2,000 adzadumphepo nthawi imodzi. Kudumpha kwa khamu kumagwedeza sitandi mosiyana ndi kulemera kwa anthu ongokhala.

Kusamalira: ikamangidwa bwino, imakhala zaka makumi angapo ikungofuna kutseka ming'alu ndi kuchotsa madzi odikha. Pansi pake pamatuluka zipinda zovalira, zimbudzi ndi timashopu tobwereketsa, ndipo lendi ya timashoputo ndi imene ingalipire mlonda ndi wotchetcha kapinga mwezi ndi mwezi. Ichi ndi chifukwa chenicheni chosankhira konkire, kuposa kukongola. Mipando ya pulasitiki yomangirira pamwamba ndi nkhani ina: popanda denga, dzuwa lathu limaiumitsa mpaka kuyamba kuthetheka, ndipo tsiku la mkangano ndi imene imazulidwa n'kuponyedwa.

Ngozi: yayikulu ndi kuima panjira. Tonse taonapo zipilala zokhala ndi zitsulo zoloza kumwamba, zikuchita dzimbiri chaka chachisanu chifukwa ndalama inatha kapena wolonjeza anagwa pa chisankho. Mankhwala ake ndi kuuza injiniya kuyambira pachiyambi kuti ajambule sitandi yomangidwa m'zigawo, chigawo chilichonse chotha kugwira ntchito pachokha. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Chigawo cha mamita 20 chomalizidwa chimalandira anthu Loweruka likudzali. Maziko a mamita 100 salandira aliyense.

Njira yachitatu: sitandi yachitsulo yomanga ndi mabawuti

Mtengo uli pakati, koma umayenda ndi dola chifukwa chitsulo chabwino chambiri chimachokera kutali. Kupezeka kwake n'kosavuta ngati mukufuna mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, owotcherera athu amatha. Yoposa apo ifuna mapulani a injiniya ndi chitsulo chokutidwa kuti chisachite dzimbiri. Ubwino wake ndi liwiro, komanso kuti mutha kuimasula n'kuisamutsa, zomwe ndi zofunika ngati bwalo ndi lobwereka.

Kusamalira: penti, kumangitsa mabawuti ligi isanayambe, kusintha matabwa owola. Mabawuti ndi zitsulo zopingasa zimabedwa n'kukagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakale, ndipo sitandi yochotsedwa zopingasa imaoneka yabwinobwino mpaka tsiku lodzaza.

Ngozi: mipata ya pakati pa masitepe yomwe mwana angagweremo, chitsulo chotentha mu Okutobala, ndi mphenzi. Koma pa phokoso, palibe yoiposa. Anthu mazana atatu akamaponda pa chitsulo mogwirizana ndi ng'oma, timu ya alendo imamva m'mimba.

Njira yachinayi: denga pa malo omwe alipo kale

Denga silionjezera mpando ngakhale umodzi, n'chifukwa chake m'misonkhano limagonja. Koma limadzaza mipando imene ilipo, ndipo limachita chinthu china chimene ambiri sadziwa: limabweza mawu. Nyimbo yoimbidwa pabwalo lopanda denga imakwera kumwamba n'kutayika. Pansi pa malata imagunda n'kutsikira m'bwalo, ndipo anthu ochepa amamveka ngati khamu lalikulu. Amene anapempherapo pansi pa mtengo kenako m'tchalitchi cha malata akudziwa kusiyana kwake.

Mtengo: wotsika kuposa sitandi yatsopano ya konkire. Denga lokhala ndi zipilala kutsogolo ndi lotchipa koma limatchinga ena kuona. Lopanda zipilala kutsogolo limafuna chitsulo chochindikala ndi maziko olemera kumbuyo.

Kupezeka: malata ndi zitsulo zili m'tauni. Yambani ndi mbali ya kumadzulo. Mpira wa 15:00 umaseweredwa dzuwa likupendeka, choncho okhala kumadzulo amalipatsa msana, pamene a kummawa limawalasa m'maso mpaka kumapeto. Denga la kummawa limateteza mvula yokha, mthunzi wake umagwera kumbuyo kopanda anthu.

Kusamalira: kuona misomali ndi mabawuti mvula isanayambe. Ikani mipaipi yotunga madzi a padenga ipite m'thanki. Madzi amenewo ndi a zimbudzi.

Ngozi: mphepo. Chaka chilichonse mvula zoyamba zimasasula madenga a masukulu m'chigawo chino, ndipo denga la sitandi, lotseguka kutsogolo, limakola mphepo ngati ambulera. Silimagwa chifukwa cholemera, limanyamuka. Apa musamvere mmisiri wonena kuti wakhala akukhoma madenga zaka makumi awiri. Funani wowerengera mphamvu ya mphepo, ndipo muikenso chotetezera mphenzi.

Njira yachisanu: magetsi a usiku

Mpira wa madzulo ndi wokoma, palibe wotsutsa. Kunja kwazizira, a m'mashopu ndi m'maofesi aweruka, ndipo mutha kusewera Lachisanu osalimbana ndi kanema wa Loweruka. Koma mtengo wa mapolo anayi aatali, nyale za LED, mawaya ndi thiransifoma ndi waukulu, ndipo kuwala kokwanira kanema kumaposa kangapo kokwanira maso a munthu. Zida zonse ndi zoitanitsa. Chilala cha 2024 chinatiphunzitsa kuti magetsi a ku Kariba atha kusowa maola ambiri pa tsiku, choncho popanda jenereta simungalonjeze anthu mpira wa 18:00. Kusamalira kwake ndi bilu, dizilo, ndi mlonda wa usiku uliwonse chifukwa cha akuba mawaya a kopa.

Ngozi imene ndimaiopa ine ndi ya pobwerera. Ochemerera athu ambiri amabwera wapansi, pa njinga zakapalasa ndi pa njinga zamoto. Mukawatulutsa 20:00 m'misewu yamdima yopita ku Mchini kapena ku Nabvutika, amayi ndi ana sadzabweranso, mudzatsala ndi anyamata okhaokha ndi mowa. Magetsi akhale omalizira, osati oyambira.

Njira yachisanu ndi chimodzi: osamanga sitandi, konzani tsiku la mpira

Pano ndikhalitsapo, chifukwa ndi pomwe ndalama yochepa imagula zambiri.

Yambani ndi mageti. Pa 2 Juni 2007 ku Konkola Stadium ku Chililabombwe, timu ya dziko lathu, Chipolopolo, itagonjetsa Congo Brazzaville 3-0, anthu 12 anafa popanikizana potuluka. Pa 6 Julayi 2017 ku Bingu National Stadium ku Lilongwe, tsidya lina la Mwami pomwepa, anthu 8 anafa, ambiri mwa iwo ana, popanikizana polowa mageti atachedwa kutsegulidwa. Bwalolo linali latsopano, lotsegulidwa chaka chomwecho, lokwana anthu pafupifupi 40,000. Ku Accra ku Ghana mu 2001 anafa 126 apolisi ataponya utsi wokhetsa misozi mageti ali otseka. M'malo onsewa sikunali kusowa kwa mipando. Mabuku aja a chitetezo amawerengera kuti pa mita imodzi ya m'lifupi mwa khomo pamadutsa anthu 82 pa mphindi pamalo osalala, ndi 66 pa masitepe, ndipo bwalo liyenera kutha kukhuthula anthu m'mphindi zosapitirira 8. Tengani tepi mukayeze geti lanu. Ngati ndi la mamita awiri ndipo ndi lokhalo, latha pa anthu 1,300. Mageti azitsegukira kunja, asakhale ndi loko mpira uli mkati, atsegulidwe onse mphindi khumi mpira usanathe, ndipo njinga zisaimikidwe pakhomo.

Kenako zimbudzi, makamaka za amayi, zokhala ndi chitseko chotsekeka ndi madzi. Chichokereni timu ya dziko ya amayi, Copper Queens, ku World Cup ya 2023, atsikana okonda mpira achuluka m'makomboni ndi m'masukulu, koma mayi sangakhale maola atatu pamalo popanda kolowera. Bwalo likakhala ndi amayi ndi ana, ngakhale kutukwana kumachepa kokha.

Tsopano ng'oma. Chigawo chino sichifunika kuphunzitsidwa kuimba. Amene anafikapo ku Mtenguleni pa Nc'wala mu Febuluwale kapena ku Mkaika pa Kulamba mu Ogasiti akudziwa zimene khamu la kuno limachita likapeza wotsogolera nyimbo ndi wovomera. Chimene chimasowa pabwalo ndi dongosolo chabe. Oimba amabalalika, atatu apa, asanu uko, ndipo zokuzira mawu zimawaphimba ndi nyimbo za m'foni. Apatseni malo awo okhazikika, pansi pa denga ngati lilipo kapena kumbuyo kwa golo, muwagulire ng'oma zitatu kapena zinayi za kukula kosiyana, muwalowetse pa mtengo wotsika ola limodzi mpira usanayambe, ndipo wa zokuzira mawu azizimitsa oyimbira mpira akangoliza wezulo. Ma vuvuzela amene anatchuka mu 2010 amapanga phokoso koma amapha nyimbo; ochepa akwanira. Chenjezo limodzi: Gule Wamkulu si chokometsera mpira. Ali ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo wofuna chilichonse chokhudza mwambo ayambe wakagwada kwa mafumu. Nyimbo za chitelele, za kumasukulu ndi zopeka ochemerera okha n'zokwanira.

Chinanso chosadya ndalama: tsekani mbali zina. Ngati mwabwera anthu 800 m'bwalo la 5,000, musawalole kumwazika. Asonkhanitseni mbali imodzi, mapewa agundane. Moto wa nkhuni zobalalika suyaka.

Ogulitsa chimanga chootcha, nzimbe, mtedza, zitumbuwa ndi mazira musawathamangitse. Apatseni mzere wawo kutali ndi geti, alipire kochepa, ndipo mabotolo agalasi asalowe. Matikiti agulitsidweko pasadakhale pa Airtel Money kapena MTN MoMo kuti mzere ufupike komanso ndalama isathere m'matumba a pa geti. Mawailesi a kuno monga Breeze FM ndi Radio Maria amamvedwa mpaka kumidzi, ndipo chilengezo cha Chinyanja cha Lachinayi ndi Lachisanu chimabweretsa anthu kuposa chithunzi cha pa Facebook. Masewero a ana asukulu kapena a atsikana ayambe 13:00. Mwana aliyense wosewera amabwera ndi abale. Fashion Sakala, amene anatenga nawo chikho cha Africa cha osapitirira zaka 20 mu 2017 n'kudzasewera ku Rangers ku Scotland, ndi mwana wa kuno ku Chipata, ndipo makolo amadziwa zimenezo akamaona ana awo akuthamanga pa kapinga.

Mtengo wa zonsezi ndi wochepa poyerekeza ndi sitandi, ndipo zonse zikupezeka lero. Kusamalira kwake ndiko kovuta, chifukwa si simenti koma anthu: wotsuka zimbudzi alipidwe, oyang'anira khamu aphunzitsidwe ndi kuvala zowazindikiritsa, ng'oma zikhale ndi wozisunga. Ngozi yake ndi gulu la oimba likasanduka gulu la zigawenga, kuyamba kuopseza oyimbira ndi alendo, kapena kugulidwa ndi andale. Ndinaonapo timu ikulangidwa kusewera popanda anthu chifukwa cha mwala umodzi woponyedwa ndi mnyamata amene tonse tinkamudziwa ndipo tinkamulekerera. Atsogoleri a gululo alembedwe maina, ndipo wolakwa aletsedwe kulowa ndi anzake omwe.

Nanga bwalo latsopano kunja kwa tauni?

Chipata inakhala mzinda mu 2017, ndipo n'zomveka kuti anthu amafunsa kuti Ndola ili ndi Levy Mwanawasa Stadium ya 2012, Lusaka ili ndi National Heroes Stadium ya 2014, ife bwanji tidalire David Kaunda Stadium yokha. Funsolo ndi loyenera, ndipo tsiku lina chigawo chino chidzafunika bwalo lotha kulandira Chipolopolo. Koma imeneyo ndi ntchito ya boma lalikulu, osati ya timu kapena khonsolo, ndipo walira mvula walira matope. Mabwalo awiri aja, la anthu pafupifupi 50,000 ndi la 60,000, amadzaza pa masewero a dziko. Pa ligi wamba mipando yambiri imakhala yopanda anthu, pamene bilu ya madzi, magetsi ndi alonda siipuma. Onse awiri ali ndi njira ya othamanga yozungulira bwalo, imene imakankhira wochemerera kutali ndi mzere. Yerekezani ndi Arthur Davies kapena Nkana Stadium ku Kitwe tsiku la Power Dynamos ndi Nkana: mabwalo ang'onoang'ono, anthu ali pafupi, wosewera akumva dzina lake. Komanso bwalo la makilomita 10 kunja kwa tauni limadula mwendo wa munthu woyenda pansi. Amene akuganiza za njirayi achite chinthu chimodzi lero: apeze malo, akambirane ndi mafumu ndi khonsolo, atenge mapepala. Kumanga kudikire.

Ndani asankhe chiyani

Timu ya kumudzi kapena ya ligi ya m'boma, yosewera pa bwalo la sukulu kapena la mfumu: musamange chokhazikika pa malo opanda pangano lolembedwa. Yambani ndi chingwe kapena mpanda wolekanitsa anthu ndi osewera, zimbudzi ziwiri, ng'oma, ndi mitengo ya mthunzi mbali ya kumadzulo. Ikapezeka ina, sitandi yachitsulo ya mizere isanu yotha kusamutsa.

Timu ya ligi ya chigawo yokhala ndi malo akeake, imene kope lija laonetsa kuti oonerera kunja kwa mpanda ndi ambiri kuposa a mkati: vuto lanu si mipando. Mageti, zimbudzi, kenako denga la kumadzulo. Mukawerenganso patatha chaka n'kupeza kuti anthu akusowa poima, unjikani mtumbira kumbuyo kwa golo ndipo muupereke kwa oimba.

Timu imene ikununkhiza ligi ya dziko lonse: pezani kaye mndandanda wa zofunika za FAZ wa chaka chimenecho musanajambule chilichonse, chifukwa zipinda zovalira, chipinda cha oyimbira, polowera ambulansi ndi kapinga wabwino zidzafunsidwa mipando isanafunsidwe. Kwa inu chigawo choyamba cha konkire chokhala ndi zipinda pansi ndi denga pamwamba ndicho choyenera, pamodzi ndi chitsime chobowola cha pampu ya sola yothirira kapinga kuyambira Meyi mpaka Okutobala.

Khonsolo yokhala ndi bwalo logwiritsidwa ntchito ndi onse, mpira, misonkhano ya mipingo, zikondwerero za pa 24 Okutobala ndi misonkhano ya ndale: masiku anu odzaza kwambiri si a mpira, choncho mageti awerengeredwe pa khamu la masiku amenewo. Konkire ya m'zigawo ndi timashopu ta lendi ndi yanu, ndipo ndalama ya lendiyo ikhale ndi akaunti yakeyake ya bwalo. Malole ndi zikhomo za matenti zisalowe pa kapinga nthawi ya mvula.

Wamalonda amene akufuna dzina lake lioneke pabwalo: denga ndi limene limaoneka kuchokera kumsewu, ndipo wokhala pansi pake mu Okutobala adzakukumbukirani. Magetsi muwasiyire nthawi imene mbali ya kumadzulo yayamba kudzaza masewero asanu otsatizana ndipo msewu wochokera pa geti kupita m'makomboni uli ndi nyale.